Funsani Achemwali: Tikagone dera liti ku Cape Town ine ndi okondedwa anga?

Mwezi uno ndalandira makalata atatu onse akufunsa za mzinda umodzi womwewo, ndie ndangoti ndiwayankhire pamodzi. Yoyambayi ndachedwapo kwambiri chifukwa zambiri zomwe ndanenamo zikukhudzanso enawo.

FUNSO

Achemwali, zikomo chifukwa cha tsamba lanuli, timaliwerenga mwezi ndi mwezi. Ine ndi mayi akunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili m'banja mu February akubwerayu, ndipo chikwatiraneni sitinapiteko kwina kulikonse awiriwiri, ukwati utangotha ndalama zonse za perekaniperekani zinathera kubweza ngongole ya holo ndi zakudya. Pano ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono, ana tikawasiya kwa agogo awo, tikufuna tikagone masiku anayi ku Cape Town. Vuto ndi loti aliyense akundiuza zake. Madamu anaona zithunzi za Camps Bay pa Facebook basi mtima uli komweko, msuweni wanga yemwe amagwira ntchito konko akuti ndisataye ndalama tikafikire kwa iye ku Parow, mnzanga wa kuntchito akuti pa Long Street ndie pali moyo. Galimoto ya hayala sitikatenga, sindinayendetsepo kunja. Tikagone kuti kuti mayiwa akaone kuti ndimawakondadi?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Achimwene, mwachita bwino kwambiri, ndipo ndikunena kuchokera pansi pamtima. Amuna ambiri amadikira mpaka mkazi atadwala ndie n'kumati ndikanadziwa.

Tiyambe ndi msuweni wanuyo. Mumuthokoze bwinobwino, mumutengereko tiyi wa Chombe ndi tsabola wa Nali, mukamuchezere tsiku limodzi masana, koma zogona kwakezo ayi. Parow ili mbali ya Voortrekker Road kulowera ku Bellville, ndi dera la anthu ogwira ntchito ngati ife tomwe, kulibe vuto, koma kunyanja ndi kuphiri n'kutali ndipo tsiku lililonse muzidzuka n'kuyamba kuwerengera za thiransipoti. Komanso inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno, mkazi akafika pakhomo pa achibale a mwamuna sakhala pansi, tsiku loyamba lomwelo mudzawapeza mayiwo ali kukhitchini akuthandiza alamu awo kutsuka mbale, inu muli pabalaza mukufotokoza za maliro onse a kumudzi. Umenewo ndi ulendo wokaona abale, ndi wabwino, koma si umene mwasungira ndalamawu.

Ine ndikamasankhira anthu awiri dera logona mumzinda wachilendo ndimafunsa chinthu chimodzi: dzuwa likamalowa, mungatuluke pakhomo wapansi, kuyenda pang'onopang'ono mutagwirana manja, kupeza podyera, n'kubwerera wapansi womwewo opanda mantha? Ngati yankho ndi eya, dera limenelo ndi lanu olo chipinda chikhale chaching'ono. Ngati madzulo aliwonse pakufunika Uber kupita ndi Uber pobwera, pofika tsiku lachiwiri muyamba kuyang'ana foni kuona ma rand omwe atsala, mayi aona nkhope yanu yasintha n'kuyamba kunena kuti tingogona basi sindikumva njala. Makamaka panopa pomwe ndalama zakunja zikuvuta chonchi kuzipeza kumabanki kuno, rand iliyonse yothera mu takisi imapweteka.

Camps Bay ndi yokongoladi, madamu sananame. Mchenga woyera, mitengo ya kanjedza m'mbali mwa Victoria Road, kumbuyo kwake mapiri aja amawatcha Twelve Apostles atandandalika ngati khoma, ndipo dzuwa limalowera m'madzi mwenimweni. Ichi chokha kwa ife ndi chachilendo, paja ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay tinazolowera dzuwa kutuluka m'nyanja m'mawa n'kukalowera kumtunda. Koma pali zinthu zitatu zomwe chithunzi sichinena. Mitengo ya malo ogona ndi ya m'malesitilanti kumeneko ndi ina mwa yokwera kwambiri mumzinda wonse, ndipo zipinda zomwe zimaoneka zotsikirako mtengo nthawi zambiri zili kumtunda kwa phiri, kutsika kupita kunyanja n'kosavuta koma pobwerera usiku mutakhuta ndi chitunda chosasimbika. Chachiwiri ndi mphepo. Kuyambira cha mu November mpaka March kumawomba mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, eni ake amaitcha Cape Doctor, mungoti mwera wa kunyanja kwathu koma uwu umatsika m'phiri ndi ukali, masiku ena pa Camps Bay mchenga umachita kulasa m'miyendo moti simungakhale pansi. Mukaona mtambo woyera wayala pamwamba pa Table Mountain ngati nsalu ya patebulo, dziwani kuti yayambapo. Chachitatu madziwo ndi ozizira ngati ochokera mu filiji olo kunja kukutentha bwanji, mbali imeneyi ndi ya Atlantic, ndipo mphepo yomweyo ndi imene imakankha madzi ofunda a pamwamba n'kutulutsa ozizira a pansi. Ndie musayembekeze zosambira maola awiri ngati ku Mangochi. Ku Camps Bay pitaniko tsiku limodzi madzulo kukakhala bata, mukamwe kenakake, mukajambulitse, madamu akhale nacho chithunzi chawochawo, kenako mubwerere kogona kwina.

Long Street ndie ndikukanizani poyera. Mnzanuyo akunena zoona kuti pali moyo, nyumba zakale zokhala ndi makonde achitsulo m'mwamba, mabala ndi nyimbo mbali zonse, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ulendo wina ine ndi bambo akunyumba tinagona pa loji ina pafupi pomwepo chifukwa mtengo unali wabwino, nyimbo zinaleka cha m'ma 4 m'mawa, kenako magalimoto otola zinyalala, tinadzuka mitu ikuwawa ndipo tsiku lonse tinkangoyankhana mokalipa pa zinthu zopanda pake. Opisa m'matumba ndi onamizira kukuthandizani pa ATM amakondanso pomwepo. Ndi malo a anyamata opita kukavina, dutsanipo masana.

V&A Waterfront, dera la padoko lodzaza ndi mashopu ndi malo odyera, ndi yotetezeka usiku ndi usana, mukhoza kuyenda mpaka 10 koloko opanda nkhawa, ndipo boti lopita ku Robben Island komwe Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake limanyamukira pomwepo pafupi ndi Clock Tower. Koma mahotela ake ndi a anthu a ndalama zawo, ndipo kwa ine pamakhala ngati mwagona mu shopu yaikulu. Pitani mukayende, osagona.

Madera omwe ndimawakonda ndi awiri. Loyamba ndi Gardens ndi Tamboerskloof, mozungulira Kloof Street, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Kuli timagesitihausi ta m'nyumba zakale, mitengo yamthunzi, malo omwera khofi ndi odyera ali khomo ndi khomo, ndipo mukatsegula zenera m'mawa Table Mountain ili pamphuno panu. Kutsetserekera m'munsi mufika ku Company's Garden, munda womwe Adatchi anayamba kulima ndiwo zamasamba atafika mu 1652, lero ndi paki ya mitengo ikuluikulu ndi agologolo osaopa anthu, ndipo pa Orange Street pali Labia, nyumba yakale yoonetsera mafilimu yomwe anthu okondana amaikonda kwambiri. Kukwera ndi Kloof Nek mufika ponyamukira kagalimoto ka pachingwe kokwera phiri, kanayamba kuyenda mu 1929 ndipo ka masiku ano kamazungulira pang'onopang'ono pokwera kuti aliyense aone mbali zonse. Vuto la dera limeneli ndi zitunda, komanso mukachoka pa Kloof Street timisewu ta m'mbali timakhala zii usiku.

Lachiwiri, lomwe ine ndingakusankhireni inuyo, ndi Sea Point, makamaka timisewu ta pakati pa Beach Road ndi Main Road kapena Regent Road. Ena adzakuuzani kuti Sea Point ndi mafulati ataliatali basi palibe chachikondi, ndipo n'zoona kuti nyumba zake sizokongola ngati za ku Tamboerskloof. Koma kuli Promenade, njira yotakata ya oyenda pansi yotsata gombe kuchokera ku Mouille Point mpaka kufupi ndi Bantry Bay, yafulati bwinobwino yopanda chitunda, ndipo madzulo aliwonse mzinda wonse umakhala ngati wathira pomwepo, agogo atagwirana mikono, ena akuthamanga, ana pa njinga, mabanja achisilamu atayala mphasa pa kapinga, mafunde akumenya khoma n'kukuwazani pang'ono. Mu February dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 7:30, osati 6 koloko ngati kuno, ndie mumakhala ndi madzulo aataliatali oti muyende, mukhale pa benchi, mukambe nkhani zomwe zaka 10 za ana ndi sukulu fizi sizinakupatseni mpata wokamba. Zonsezi ndi zaulere achimwene. Mukayenda kulowera ku Mouille Point mupeza nsanja ya mizere yofiira ndi yoyera yowunikira sitima zapamadzi, ya mu 1824, ndipo mukapitirira mufika ku Waterfront wapansi. Madzi a m'nyanja akakukanikani pali Sea Point Pavilion, maiwe osambiramo a madzi amchere m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, polowa amalipiritsa pang'ono.

China chomwe ndimaikondera Sea Point ndi choti anthu amakhalamo, si ya alendo okha. Pa Main Road pali masupamaketi, mafamase, malo odyera a mtengo uliwonse, ndie mukhoza kutenga chipinda chokhala ndi kakhitchini, m'mawa mwaphika tiyi wanu, masana mwagula nkhuku yootcha ndi buledi, ndalama n'kusungira chakudya chimodzi chapamwamba cha tsiku la anivesale lenilenilo. Mabasi a MyCiTi amadutsa konko kupita m'tauni, ku Waterfront ndi mbali ya Camps Bay, amafuna khadi yawo ya myconnect yomwe mumagula n'kuikamo ndalama, salandira kashi m'basi.

Musanalipire chilichonse tsegulani mapu pa foni muone adiresi yeniyeni, chifukwa ambiri amalemba Sea Point kapena Camps Bay pomwe nyumbayo ili kumtunda kwenikweni kwa High Level Road kapena kuseri kwina. Werengani zomwe analemba anthu omwe anagonapo, makamaka odandaula, muone ngati akutchula phokoso kapena masitepe. Funsani ngati chipinda chayang'ana kumsewu waukulu, komanso ngati ali ndi inveta magetsi akazima paja nakonso zimachitika. Ndipo bukitsani msanga, February ndi mwezi wabwino zedi, kulibe mvula yambiri chifukwa yawo imagwa June mpaka August, chipwirikiti cha tchuthi cha December chimakhala chatha, koma ndi mwezi womwewo umene kumakhala msonkhano waukulu wa zamigodi wa Mining Indaba, kutsegulira Nyumba ya Malamulo, kuphatikiza Valentine ya pa 14 paja, ndie zipinda zimatha. Tsiku loyamba lomwe mwadzuka kuli bata ndipo phiri likuoneka lopanda mtambo, siyani mapulani ena onse mukwere Table Mountain, kukachita mphepo kagalimoto kaja amakaimitsa ndipo anthu ambiri amabwerera kwawo osakwera chifukwa chonena kuti tipita mawa. Mutengenso juzi olo kukutentha, ndi adaputa ya pulagi, masoketi awo ambiri ndi a mabowo atatu ozungulira, chaja ya kuno siilowa. Ku Signal Hill kapena ku Lion's Head kokaonera dzuwa likulowa pitani nthawi yomwe kuli anthu ambiri ndipo musatsalire kukada.

FUNSO

Achemwali, ine ndimakhala ku Cape Town konkuno ku Dunoon, ndimagwira ntchito ya m'nyumba, amuna anga ndi a m'garden. Zaka zisanu tili kuno koma sitinagonepo malo olipira olo tsiku limodzi, ndalama zonse timatumiza kumudzi tikumanga. Mu August abwana akupita kunja atipatsa wikendi yonse. Kuli malo oti anthu ngati ife tingapiteko osachita manyazi?

Mayi wa kwa Jali, okhala ku Dunoon

YANKHO

Achemwali anga, mawu oti anthu ngati ife andikhudza. Mzinda umenewo mumaukolopa ndi kuuthirira maluwa ndinu, ndalama yanu ndi chimodzimodzi ya wina aliyense, ndipo palibe loji yomwe idzakufunseni ntchito yomwe mumagwira. Lowani mutawongola khosi.

Inu phiri mumaliona tsiku ndi tsiku kuchokera mbali ya Blouberg, ndie pitani kuseri kwake, ku False Bay, kuti mumve kuti mwachokadi pakhomo. Kwerani MyCiTi mpaka ku Civic Centre, muyende pang'ono kufika pa siteshoni, mukwere sitima ya Southern Line yolowera ku Fish Hoek ndi Simon's Town. Ikangodutsa Muizenberg njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi moti mafunde amaoneka ngati alowa pa zenera, khalani mbali ya kumanzere popita. Kwerani masana, ndipo mufunsiretu nthawi za sitima za Loweruka ndi Lamulungu chifukwa zimachepa.

Malo okoma kwambiri kumeneko ndi Kalk Bay, kadoko ka asodzi komwe maboti amitundumitundu amakocheza, amayi akukonza nsomba pomwepo ngati pa doko la Kachulu kunyanja ya Chilwa kwanuko, ndipo ma seal, zinyama zonenepa zija zokhala ngati katumbu wamkulu, amagona pakhoma kudikira matumbo a nsomba. Fishi ndi tchipisi za padokopo si zodula, mumadya mutakhala panja. Koma malo ogona mu Kalk Bay mwenimweni ndi okwera mtengo, ndie funani chipinda ku Muizenberg kufupi ndi gombe kapena ku Fish Hoek, siteshoni imodzi kapena ziwiri zokha. Kuchokera ku Muizenberg pali kanjira ka oyenda pansi kotsata nyanja mpaka ku St James komwe kuli tinyumba tamatabwa topaka utoto wowala tija ndi dziwe lotchingidwa ndi khoma, kenako n'kupitirira ndi Main Road mpaka ku Kalk Bay, ulendo wosatopetsa.

August ndi nthawi yozizira ndi mvula, mukudziwa kale, koma kwa inu ndi mwayi pawiri. Malo ambiri amatsitsa mitengo nyengo imeneyi, imbani foni mufunse mtengo wa winter osangodalira wa pa intaneti, ndipo ndi nyengo yomwe anangumi amabwera kufupi ndi gombe kudzaswana, mukakwera pa Boyes Drive pamwamba pa Kalk Bay n'kudekha pang'ono mukhoza kuwaona akupemerera madzi m'mwamba. Funsani ngati m'chipinda muli hita ndi mabulangete okwanira. Usiku umodzi wokha ukwanira ngati thumba silikulola, nyumba ya kumudzi siigwa chifukwa cha usiku umodzi.

FUNSO

Asalamu alaikum achemwali. Tikupanga nikah mu December ndipo amalume atipatsa mphatso ya matikiti a ku Cape Town. Sitimwa mowa ndipo tikufuna malo a chakudya cha halal komanso pafupi ndi mzikiti. Tamva za Bo-Kaap, ndi yabwino kwa ongokwatirana kumene?

Mnyamata wa ku Mangochi

YANKHO

Waalaikum salaam achimwene, mafuno abwino kwa inu ndi akwati. Eya, Bo-Kaap ikuyenerani, mwina kuposa alendo ena onse omwe amapitako. Ili pa chitunda cha Signal Hill pamwamba pang'ono pa tauni, tinyumba topaka pinki, chikasu, gilini, misewu yoyala miyala, ndipo anthu ake ambiri ndi Asilamu, zidzukulu za akapolo ndi andende omwe Adatchi anawabweretsa kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi gombe la Mozambique. Mzikiti wa Auwal pa Dorp Street ndi wa mu 1794, woyamba m'dziko lonse la South Africa, ndipo pali mizikiti ina ingapo moyandikana moti azana muzidzaimvera pa bedi. Chakudya cha halal sichosowa, biliyani, samusa, bobotie, ndipo Lamulungu m'mawa mufunse komwe akugulitsa ma koesister, ali ngati mandasi athu koma othira zonunkhira, oviikidwa m'madzi a shuga n'kuwaza kokonati, amatha msanga ndie mulawirire.

Funani chipinda cha m'munsi, mbali ya Rose Street, Chiappini Street kapena Wale Street, chifukwa kumtunda zitunda zake n'zowawa ndipo usiku kumakhala kopanda anthu, mukachedwa kobwera itanani Uber akutsitseni pakhomo. Masana mabasi a alendo odzajambula amadzaza pa Wale Street, koma m'mawa kwambiri ndi madzulo dera limabwerera kwa eni ake ndipo ndi nthawi yomwe limakoma. Kumbukirani kuti nyumba zokongolazo ndi makomo a anthu, eni ake akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti mitengo ya nyumba ndi misonkho ikuwathamangitsa m'dera la makolo awo, ndie ngati mungapeze gesitihausi ya banja la konko gonani kumeneko, perekani moni, pemphani musanajambule pakhonde pa munthu.

Pakati pa December mpaka sabata yoyamba ya January mitengo imakwera kwambiri mzinda wonse, ngati matikiti akulola kusintha pitani kumapeto kwa January. Mukakhalako pa 2 January kapena masiku oyandikira, magulu ovina a Kaapse Klopse amadutsa ndi malipenga ndi ng'oma mpaka usiku, n'zosangalatsa kuonera koma tulo musayembekezere. Ndipo muwauziretu akwatiwo kuti 12 koloko masana pa Signal Hill amaomba mzinga, mwambo womwe unayamba mu 1806, tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi, ku Bo-Kaap umamveka ngati waphulikira kuseri kwa nyumba ndipo munthu wosadziwa amataya kapu ya tiyi.